Ku Senga Bay imikani galimoto pamene pali geti ndi mlonda

Achemwali, mwafunsa kuti mukapita ku nyanja ndi ana pa Khirisimasi galimoto mukaisiye pati kuti muzisambira mtima uli m'malo, ndiponso za malo ogona otchipa. Za kogona ena akuthandizani kale. Ine ndiyankhapo za galimoto basi, chifukwa ku Senga Bay zinandionekera ndipo mpaka lero kunyumba amandiseka nazo.

Choyamba ndi nthawi yonyamukira. Kuchoka mu Lilongwe kukafika pa boma la Salima ndi makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14, kenako ena ngati 20 kukafika kunyanja. Si patali, n'chifukwa chake pa Khirisimasi, pa 26 December, pa Pasaka ndi pa Tsiku la Anakubala pa 15 October, Lilongwe yense amakhamukira komweko. Mukafika 9 koloko isanakwane mupeza malo abwino mkati mwa mpanda. Mukafika dzuwa lili paliwombo mupeza mzere pa geti, ana akulira kumbuyo, ndipo mayesero amayambira pomwepo.

Ife tinafika cha m'ma 12 pa 26 December, zaka ziwiri zapitazo. Nditaona mzere komanso ndalama yolowera, ndinati nyanja ndi ya Mulungu, ndilipirirenji. Ndinakhotera kanjira kopita kudoko la asodzi, kumene amayanika usipa pa thandala. Kunatulukira mnyamata waulemu wake, nsapato zake zabwinobwino, n'kunena kuti, "Bwana, imikani apa pamthunzi, ndikuonerani ine." Ndinamupatsiratu K1,000. Kulakwa kwanga koyamba kunali komweko, chifukwa munthu ukamulipiriratu wamumasula. Mayi a kunyumba chikwama chawo anachisiya pa mpando wakumbuyo n'kuchifunditsa chitenje. Chitenje chotukumuka pa mpando wopanda munthu ndiye chimaitana wakuba, chimaposa chikwama chili poyera.

Tikubwerako cha m'ma 4, kagalasi kakang'ono kakumbuyo kali phwaa pa mpando. Chikwama kulibe. Munali khadi la kubanki, chiphaso cha unzika ndi buku la kusikelo la mwana wathu wamng'ono. Mnyamata uja kulibe, ndipo amayi ogulitsa nsomba pafupipo anati nkhope yake aiona koyamba tsiku lomwelo. Ndikuwakhulupirira. Anthu a kunyanja ali ndi ntchito zawo, ambiri mwa otola zinthuwa amabwera ndi chigulu chomwechi kuchokera m'tauni, masiku a zisangalalo okha.

Sizinathere pomwepo. Potembenuza galimoto ndili ndi ukali, matayala akutsogolo analowa mumchenga. Ndinaponda moto, galimoto n'kumangodzikumbira dzenje mpaka mimba inakhala pansi. Anyamata asanu anatulukira kumene sindinakuone, mtengo wokankhira unayambira K15,000, tinamvana pa K10,000. Onjezanipo ulendo wa kupolisi kukatenga lipoti, ndi masiku awiri ndikuzungulira ku Biwi kufunafuna kagalasi kofanana nako. Ndalama zimene ndinawononga pothawa ya pa geti ija zikanatilowetsa banja lonse kangapo konse.

Ndiye amene alemba kuti ku Senga Bay mutha kuimika paliponse, iwo sanaberedwepo, ndingoti mwayi wawo. Mwina amapitako Lachiwiri mu February.

Kuyambira pamenepo ndimalowa pamalo olipira okha. Kawirikawiri timapita ku Sunbird Livingstonia Beach, kumene alendo ongocheza masana amalipira pa geti ndipo galimoto imakhala mkati, alonda ali pomwepo. Malo ena ogona alendo m'mbali mwa gombe lomweli amalolanso, makamaka mukagula chakudya kapena zakumwa pamalopo. Mitengo yake muiyembekezere m'masauzande angapo pa munthu wamkulu, ana amakhala ndi yawo yotsikirapo, ndipo masiku a zisangalalo imakwera. Mtengo umene wina akuuzeni kuti analipira kale musaudalire. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo sikhazikika. Imbani foni kutatsala tsiku limodzi kuti munyamuke, mufunsenso ngati amalola kulowa ndi chakudya chanu, chifukwa ena amakaniza pa geti mpunga mutaphika kale. Ndalama ya m'manja mutenge, musangodalira Airtel Money kapena Mpamba, anthu akachuluka netiweki imavuta.

Ngakhale mkati mwa mpanda, mlonda mmodzi sangaone galimoto zonse tsiku ngati limenelo. Ine ndimaimika pafupi ndi kanyumba kake, ndimamupatsa moni, n'kumuuza kuti tionana pobwerera. K2,000 yake amailandira ndikutuluka, osati ndikulowa. Zikwama, laputopu ndi mafoni muziike kubuti musanafike, pa Salima pomwe pogula madzi. Mukazisamutsa mutaima kale pamalopo, anthu akuona chilichonse mukulowetsa. Mukatseka ndi rimoti, kokani chitseko ndi dzanja mutsimikize kuti chatsekekadi.

Makiyi ndi nkhani ina. Pamwamba pa tayala musabise, aliyense amadziwa kuyang'ana pamenepo. M'thumba la kabudula wosambira musaike, a masiku anowa akanyowa galimoto siiliza. Pakhale munthu mmodzi wotsala pa mkeka ndi makiyi, muzisinthana.

Muonenso pamene mwaima. Ngati pansi pali mchenga wofewa woyera, ndipo galimoto yanu ndi yotsika ngati Sienta, Vitz kapena Passo, musayese. Funani pamene pali udzu kapena dothi lolimba, ndipo imikani itayang'ana kotulukira, chifukwa pofika madzulo anzanu amakhala akutsekerani mbali zonse. Ikatitimira musaponde moto ngati ine. Tsikani, fukulani mchenga kutsogolo kwa matayala, phwetsaniko mpweya pang'ono, ikani makapeti a m'galimoto pansi pa matayala, kenako muchoke pang'onopang'ono. Pansi pa mtengo wa mango mu December pamaoneka pabwino, koma mango akagwa kuchokera pamwamba amasiya chizindikiro pa boneti.

Mwatchulanso Cape Maclear. Kumeneko tinjira ta m'mudzi wa Chembe ndi topapatiza komanso tamchenga, ndiye funsiranitu kumene mukagone ngati ali ndi poimika mkati. Mukalowa mbali ya Lake Malawi National Park, mawindo mutseke onse, anyani akumeneko saopa munthu ndipo buledi akamuona amalowa. Ngati mudzere ku Dedza n'kutsikira ku Golomoti, mabuleki muwaonetse kaye kwa makaniko, mtsetse wake ndi wokhotakhota.

Pa ulendo wa ku Senga Bay, mafuta muthiriretu ku Lilongwe okwana kupita ndi kubwera, musayembekezere kuti mukawapeza pa Kamuzu Road ku Salima. Ndipo muchoke kunyanja 4 koloko isanadutse. Kukada pa M14 mumakumana ndi a kabaza opanda nyale, mbuzi, ndi anzathu amene akhala akumwa kuyambira m'mawa, makamaka m'makona a ku Mvera. Chambo mugule pomaliza penipeni mukunyamuka. Ife tinaisiyapo m'buti maola atatu, fungo lake linatha mu January.