Funsani Alangizi: Munthu Wamba Angachitepo Chiyani pa Kusintha kwa Nyengo?

Makalata a mwezi uno akuyankhidwa ndi alangizi a zankhalango ndi zaulimi.

Funso: Pawailesi akuti aliyense achitepo kanthu pa kusintha kwa nyengo. Ine galimoto ndilibe, ndili ndi njinga yakapalasa basi. Kodi oyenera kusintha si mayiko olemera? Bambo a ku Chiradzulu

Yankho: Bambo, simukunama. Mpweya wambiri wa kaboni umene ukutenthetsa dziko umachokera ku malasha, mafuta ndi gasi zimene mayiko a mafakitale monga China ndi America amawotcha. Gawo la Malawi ndi laling'ono ndithu. Koma gawo lathulo likudziwika kochokera: mitengo yodulidwa, makala ndi moto wolusa. Mtengo ukamakula umamwa kaboni n'kumusunga m'thunthu ndi m'mizu, ukapsa kaboniyo amabwerera mumlengalenga. Makala ndiye amawononga kwambiri, chifukwa pa uvuni wadothi kilogalamu imodzi ya makala imadya makilogalamu oposa 5 a nkhuni.

Inu kwanuko simunaiwale matope ndi miyala zimene zinatsika m'mapiri ndi namondwe wa Freddy mu Marichi 2023. Mitengo sikanaletsa mvula yoteroyo, koma phiri lometedwa limagumuka msanga. Choncho zimene tikulangiza m'munsimu zimateteza munda wanu kaye, dziko pambuyo.

Funso: Ndinagula chitetezo mbaula koma ikufuka utsi, ndipo yayamba kung'aluka. Ndibwerere pamafuwa? Mayi a ku Dowa

Yankho: Musabwerere, mayi. Pamafuwa atatu moto wambiri umathawira m'mbali, pamene mbaulayi imaukusa kuti ulunjike pansi pa poto. Utsi umabwera pa zifukwa zitatu: nkhuni zaziwisi, phulusa ladzulo lotseka mpweya, kapena kudzaza khomo ndi zikuni zikuluzikulu. Wazani nkhuni zikhale zing'onozing'ono, ziume bwino, ndipo muziika ziwiri kapena zitatu zokha, n'kumazisonkhezera pang'onopang'ono. Wolani phulusa musanakoleze. Khomo liyang'ane kochokera mphepo, ndipo poto akhale patimafuwa tapamwamba, pasatsekeke mpata wotulukira malawi.

Kung'aluka nthawi zambiri kumadza ngati mwazimitsa moto ndi madzi mbaula ili yotentha, kapena mwaisiya pamvula. Kamng'alu kakang'ono si vuto. Imangeni ndi waya mozungulira. Pogula ina, igogodeni ndi chala. Yopsa bwino mung'anjo imalira ngati mphika wabwino, yosapsa imangoti phu.

Chinanso chimene amayi ambiri amachipeputsa: nyemba ziviikeni madzulo, zigone m'madzi, ndipo pophika vundikirani. Zimapsa msanga ndipo mtolo wa nkhuni umakhalitsa.

Funso: Chaka chilichonse timadzala mitengo m'mudzi mwathu, koma pofika Okutobala yatsala yowerengeka. Tikulakwitsa pati? Bambo a ku Balaka

Yankho: Cholakwika choyamba ndi nthawi. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma kumalo otentha ngati kwanuko mbande yodzalidwa mu Marichi imapezedwa ndi chilimwe mizu isanazame. Dzalani mvula ikangokhazikika, mu Disembala kapena Januwale. Dzenje likhale masentimita 30 m'lifupi ndi 30 kuya, likumbidwiretu. Dothi lapamwamba lisakanizeni ndi manyowa owolerana ndipo libwerere pansi. Manyowa osapsa amaitana chiswe. Chotsani chubu chapulasitiki, dothi la mbande lisaphwanyike. Tsenderani m'mbali, pangani kabeseni kosunga madzi, phimbirani ndi udzu koma usakhudze tsinde. Kenako tchingirani ndi minga, pakuti mbuzi zikamasulidwa pambuyo pokolola zimatha mbande zambiri kuposa dzuwa. Pofika Meyi lambulani mozungulira kuti moto usafike. Bulugama musamudzale m'mbali mwa mtsinje kapena padambo, amamwa madzi kwambiri.

Komabe langizo lathu lalikulu ndi ili: musanapite kunazale, yenderani zitsa za m'munda ndi m'nkhalango ya mudzi. Chitsa cha mombo, tsanya kapena msuku chili kale ndi mizu yakuya, ndipo chimaphuka chaka ndi chaka, ife n'kumachisadza polima. Pachitsa chilichonse sankhani mphukira zowongoka ndi zamphamvu, zitatu mpaka zisanu, zinazo dulani ndi mpeni wakuthwa. Dulani chokweza m'mwamba kuti khungwa lisasendeke. Pa mphukira zotsalazo sadzani nthambi zam'munsi mpaka theka la msinkhu wake, ndipo bwererani pakatha miyezi ingapo kukachotsa zophuka zatsopano. Zodulazo ndi nkhuni zanu. Mphukira zotere sizifuna kuthirira ndipo zimapirira chilala kuposa mbande. Msangu mukaupeza m'munda usungeni ndithu: umayoyola masamba nthawi yadzinja, motero suphimba chimanga, ndipo masambawo amawonjezera chonde.

Pamafunikanso amfumu. Popanda lamulo la mudzi pa ziweto ndi moto, wina amasamalira, wina n'kudzadula usiku.

Funso: Ndikasosa ndimatentha mapesi kuti munda uyere. N'kulakwa? Mayi a ku Kasungu

Yankho: Inde, mayi, mukutentha chonde chanu chomwe. Phulusa limauluka ndi mphepo, nthaka imatsala pambalambanda, ndipo mvula yoyamba imaikokolola. Gonekani mapesi m'makwawa aphimbe nthaka, kapena muwaduledule n'kuwasanjika ndi ndowe ndi masamba aawisi, mukuwaza madzi, kuti apange manyowa. Muzitembenuza muluwo pakatha milungu iwiri kapena itatu. Ukatentha mkati ndiye kuti ukupsa, ukanunkha ndiye kuti madzi achuluka. Ana osaka mbewa auzeni akumbe kapena atchere misampha, asayatse tchire. Ndipo ngati vuto ndi nkhuni, dzalani nandolo pakati pa chimanga: mukakolola, mitengo yake youma imayaka bwino m'chitetezo mbaula.