Lenzi yaikulu ija isiyeni kaye m'sitolo: yankho kwa wojambula amene akufuna kukaona agorila a m'mapiri

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Zomba amene amajambula maukwati ndi zinkhoswe. Akuti kwa zaka zitatu akhala akusunga ndalama kuti akajambule agorila a m'mapiri, ndipo afunsa zinthu ziwiri. Choyamba, agule kaye lenzi ya 150-600mm ngati imene mnzawo anajambulira njovu ku Liwonde? Chachiwiri, apite ku Rwanda kapena ku Uganda? Anamaliza ndi mawu akuti, "Ndikufuna ndikabwereko ndi chithunzi choti ndikachipachika mu situdiyo, aliyense wolowa aziyamba waima kaye."

Achimwene, lenzi imeneyo musagule. Ndalamazo zili ndi ntchito ina, ndipo ndikuuzani chifukwa chake.

Ku Liwonde mumakhala m'galimoto kapena m'boti pa Shire, dzuwa lili phwee, njovu ili kutali kutsidya. Pamenepo lenzi yaitali ndi mfumu. Kwa agorila zinthu zimatembenuka. Nyamazo mumazipeza wapansi, mutakwera phiri, m'nkhalango yothithikana moti ngakhale masana kumakhala ngati kachisisira. Zimakhala pafupi kwambiri. Lamulo lakale ndi loti muime mamita 7 kuchoka pamene zili, ndipo chibwerere COVID-19 alonda amanena mamita 10. Pa mtunda umenewo, lenzi ya 600mm ingokupatsani mphuno yokha. Komanso malenzi otsika mtengo a mtundu umenewo salowetsa kuwala kokwanira, pamene kuwala ndiye chinthu chosowa kwambiri kumeneko. Ngati pa maukwati mumagwiritsa ntchito 70-200mm ya f/2.8, chida muli nacho kale. Mukawonjezerapo 24-70mm pa kamera yachiwiri, mwamaliza. Kunena zoona, munthu wozolowera kujambula m'tchalitchi chamdima, abusa ataletsa fulashi, wakonzeka kale kuposa amene anazolowera kujambula mvuu pamtetete. Fulashi nako kumeneko ndi yoletsedwa.

Tsopano za kumene ali. Agorila a m'mapiri sapezeka kwina kulikonse padziko lapansi kupatula malo awiri oyandikana. Malo oyamba ndi mapiri a Virunga, pamene pamakumana malire a Rwanda, Uganda ndi DR Congo. Mbali ya Rwanda ndi Volcanoes National Park, ya Uganda ndi Mgahinga, ya Congo ndi Virunga National Park, paki imene inakhazikitsidwa mu 1925. Malo achiwiri ndi nkhalango ya Bwindi ku Uganda. Kalembera wa ku Virunga wa 2015 mpaka 2016 anapeza 604, wa ku Bwindi ndi Sarambwe (nkhalango ya ku Congo yolumikizana ndi Bwindi) wa 2018 anapeza 459, zonse pamodzi 1,063. Ndi ochepa, koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ku Virunga kunatsala pafupifupi 250 okha. Nchifukwa chake mu 2018 bungwe loona za chilengedwe padziko lonse la IUCN linawachotsa pa mndandanda wa nyama zimene zatsala pang'onong'ono kutheratu, ngakhale akadali pa chiopsezo.

Congo ichotseni m'maganizo pakadali pano. Kum'mawa kwa dzikolo kuli nkhondo, gulu la zigawenga la M23 linalanda mzinda wa Goma mu Januwale 2025, ndipo alonda a paki ya Virunga oposa 200 aphedwa pa ntchito m'zaka zapitazi. Tatsala ndi Rwanda ndi Uganda.

Kusiyana kwakukulu ndi chilolezo. Ku Rwanda mlendo wochokera kunja amalipira madola 1,500 kuyambira mu 2017. Ku Uganda amalipira madola 800 kuyambira mu Julaye 2024. Koma inu ndinu Mmalawi, ndipo apa anthu ambiri amaphonya: maiko onse awiri ali ndi mtengo wotsikirapo wa nzika za mu Africa, ndipo ku Uganda ndi madola 500. Pogula nenani poyera kuti muli ndi pasipoti ya Malawi, chifukwa makampani ena a zokopa alendo amangolemba mtengo wa azungu osafunsa. Zilolezo zimachokera ku Rwanda Development Board ku Rwanda ndi ku Uganda Wildlife Authority ku Uganda. Mitengo imasintha, ndiye tsimikizani kwa iwo musanatumize kalikonse.

Rwanda ndi yosavuta. Mukatsika ku Kigali, maola awiri kapena atatu pa msewu wa tala muli ku Musanze, ndipo m'mawa cha m'ma 7 koloko mumasonkhana ku Kinigi kuti akugaweni m'magulu. Kwa wojambula pali ubwino wina: mabanja ena a agorila kumeneko amakonda m'nsungwi ndi m'malo otseguka, kumene kuwala kumafika bwino. Bwindi ndi nkhani ina. Mitengo ndi yaitali, ziyangoyango zili paliponse, zitunda ndi zoimirira. Kuchokera ku Entebbe ndi ulendo wa tsiku lonse pa galimoto. Anthu ochenjera amatsikira ku Kigali n'kuwoloka malire pa Cyanika kulowa ku Kisoro, kumene kuli kufupi ndi Rushaga ndi Nkuringo, zigawo za kumwera kwa Bwindi. Zigawo zina ndi Buhoma ndi Ruhija. Chilolezo chimalembedwa chigawo, choncho musapeze malo ogona musanadziwe chigawo chanu. Misewu yolumikiza zigawozi ndi ya maola.

Mukandifunsa ine, ndi ndalama zimene mumati mugulire lenzi, gulani zilolezo ziwiri ku Uganda. Masiku awiri, mabanja awiri. Chifukwa chake ndi choti mumaloledwa kukhala ndi agorila ola limodzi lokha.

Ola limodzi. Pano ndiye pagona nkhani yonse. Banja lililonse la agorila ozolowera anthu limalandira alendo 8 okha pa tsiku, ndipo mukangowapeza wotsogolera amayang'ana wotchi. Mungathe kuyenda mphindi 40 kuti muwafike, mungathenso kuyenda maola asanu, koma nthawi yokhala nawo sisintha. Ine tsiku langa loyamba ndinaliwononga ndekha. Tinakwera pafupifupi maola atatu m'matope, otsata mapazi a nyamazo akulankhulana ndi wotsogolera wathu pa wailesi ya m'manja. Titayandikira anatiuza kuti tisiye zikwama, ndodo ndi chakudya kwa otinyamulira katundu, tivale mamasiki. Mpweya wanga wotentha unkatulukira pamwamba pa masiki n'kuchititsa nthunzi pa kagalasi koyang'anira ka kamera. Manja ankanjenjemera ndi kutopa. Wotsogolera anagwetsa masamba ndi chikwanje, ndipo patsogolo panga panali chimphona chitakhala tsonga, chikusenda phesi ngati munthu akudya nzimbe. Ndinawombera zithunzi mazanamazana osapuma. Madzulo nditaziona, zambiri zinali masamba akuthwa bwino, kumbuyo kwake kuli chinthu chakuda chosaoneka nkhope.

Zinandilakwikira zinthu zitatu, ndipo inu musazibwereze. Kamera ikasiyidwa kuti isankhe yokha poyang'ana, imagwira tsamba lapafupi. Ikani kadontho kamodzi ka focus, kalozeni pa diso. Chachiwiri, ubweya wakuda umanamiza kamera. Imaganiza kuti kwada ndiye imawalitsa mopitirira, gorila n'kusanduka wotuwa, masamba n'kuyera mbuu. Ndi vuto lomwe lija la mkwati wa suti yakuda ataima pafupi ndi mkwatibwi wa velo yoyera, mukulidziwa. Tsitsani exposure, kuchuluka kwa kuwala kolowa mu kamera, pang'ono ndipo jambulani mu RAW, mtundu wa fayilo umene umakonzeka bwino pa kompyuta. Chachitatu ndi mantha anga a ISO, nambala imene mukaikweza kamera imajambula ngakhale kuwala kuli kochepa. Ndinkakana kupitirira 800 poopa timadontho, liwiro la shutter n'kutsika mpaka 1/60 ya sekondi. Musaope 3200 kapena 6400. Chithunzi cha timadontho chimakonzeka pa kompyuta, chogwedezeka sichikonzeka. Kwa akuluakulu amene angokhala, 1/250 ndi poyambira. Kwa ana amene amagubuduzika ndi kulendewera m'ziyangoyango mufunika 1/500 kapena kuposa.

Tsiku lachiwiri ndinachita zosiyana. Mphindi zisanu zoyamba kamera inali pachifuwa, ine ndikungoyang'ana. Ndani mayi, ndani mwana wake, wamkulu wakhala pati, kuwala kukuchokera kuti. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo maso a gorila ndi chimodzimodzi: ali mkati, pansi pa chipumi chotulukira, ndipo nthawi zambiri amakhala mumthunzi. Amawala pokhapokha nyamayo ikatukula mutu. Mumadikira kamphindi kameneko. Chithunzi chimene ndimachikonda kwambiri pa ulendo wonse sichili ndi nkhope n'komwe. Ndi dzanja la mayi litagwira phazi la khanda, zikhadabo zakuda, makwinya a pa zala akuoneka onse.

Musapempherere dzuwa. Dzuwa likawala m'nkhalango limagwa timagawo, pena mbee pena bii, ndipo palibe kamera imene imakwanitsa zonse ziwiri. Mitambo ndi bwenzi lanu. Koma walira mvula walira matope. Miyezi youma ndi Juni mpaka Seputembala komanso Disembala mpaka Febuluwale, ngakhale kumeneko mvula siyang'ana kalendala. Kamera ifunika chovala chake cha mvula, ndipo musadalire jumbo, chifukwa Rwanda inaletsa majumbo a pulasitiki mu 2008 ndipo angakulandeni polowa. Malenzi musasinthe muli m'tchire. Miyendo itatu yoimikira kamera isiyeni kunyumba, mulibe poyiimika. Valani malaya a manja aatali ndi magolovesi a kumunda chifukwa muli zomera zoyabwa zokumbutsa chitedze, ndipo buluku mulilowetse m'masokosi kuopa linthumbu.

Za thupi: inu muli ku Zomba, mulibe chowiringula. Kwerani phiri lanu kuchokera m'tauni mpaka ku Chawe kawiri pa sabata, chikwama cha makamera chili kumsana. Bwindi imafika mamita 2,600 pamalo okwera kwambiri, ndipo ku Rwanda kuyenda kumayambira kale pamwamba pa mamita 2,000. Sapitwa wathu ndi 3,002. Mukafika, lembani wonyamula katundu ngakhale mukudzimva mphamvu. Si ulesi. Manja anu afike osatopa, ndipo ndalamayo imalowa mwachindunji m'mudzi wa pafupi ndi paki. Anthu amenewa ndiwo amalima m'mphepete mwa nkhalango, ndipo Abatwa, amene ankakhala m'nkhalangomo, anatulutsidwamo pamene Bwindi ndi Mgahinga zinkasanduka mapaki mu 1991. Rwanda imapereka 10 peresenti ya ndalama za m'mapaki ku midzi yozungulira, koma dola ya m'manja mwa munthu amene wakukokani pa chitunda ili ndi kulemera kwake.

Pali chinthu chimodzi chimene simunafunse koma ndiyenera kunena. Mukadzuka ndi chimfine tsiku la ulendo, nenani. Ndikudziwa kupweteka kwake munthu atasunga zaka zitatu. Koma agorila amafanana nafe pafupifupi 98 peresenti m'chibadwa, ndipo matenda athu amawagwira. Mu 2009 ku Rwanda, gorila wamkazi ndi khanda anafa pa mliri wa chifuwa, ndipo madokotala anapeza kachilombo kochokera kwa anthu. Yaikazi imabereka mwana mmodzi pa zaka pafupifupi zinayi, choncho imfa imodzi ndi nkhani yaikulu. Masiki asatsike chifukwa cha selfie. Mwana wa gorila akakuyandikirani, ndipo amachitadi zimenezo, bwererani pang'onopang'ono monga akuuzirani wotsogolera. Silverback, yamphongo yaikulu ya imvi kumsana ija, imene imalemera kuposa makilogalamu 150, ikadziguguda pachifuwa n'kuthamangira kwa inu, musathawe. Khalani pansi, yang'anani kumbali. Zithunzi za anthu atakhudzana ndi agorila zimene mumaziona pa Instagram musazisirire. Zimangouza wotsatira kuti nayenso akhoza.

Poti mwatchula chithunzi choimitsa anthu, fufuzani chimene wojambula zithunzi Brent Stirton anajambula ku Virunga mu 2007. Si gorila wokongola ali m'masamba. Ndi anthu a m'mudzi ndi alonda atanyamula mtembo wa Senkwekwe, silverback wa banja la Rugendo, atamugoneka pa mitengo, iye ndi ena a m'banja lake atawomberedwa. Chithunzi chimenecho chinazungulira dziko lonse. Chimene ndimaphunzirapo ine ndi choti lenzi yaifupi ija muziitembenuziranso kwa anthu: wotsata mapazi amene wadzuka kusanache kukayambira pa zisa zimene banjalo linagona dzulo, mayi wonyamula chikwama chanu atavala jombo, minda ya mbatata ya kachewere imene imathera ndendende pa mpanda wa miyala wa paki ku Rwanda. Pemphani kaye, monga mumachitira pa chinkhoswe. Mukakhala ndi tsiku lapadera ku Rwanda, pali njira yokwera kupita ku Karisoke, kumene Dian Fossey, mayi wa ku America wofufuza za agorila, anayambitsa kafukufuku wake mu 1967 ndipo anaikidwa ataphedwa mu Disembala 1985, pafupi ndi manda a gorila wake Digit.

Zotsalazi ndi zachidule. Kadi yachikasu ya katemera wa yellow fever ikhale m'pasipoti. Ku Rwanda nzika za maiko a African Union zimalowa masiku 30 osalipira viza. Mwana wosakwana zaka 15 saloledwa, ngati mumaganiza zotenga wanu. Mabatire atatu, makadi awiri, kansalu kopukutira lenzi m'thumba la malaya osati m'chikwama, poti chikwama chimatsala kumbuyo. Ku Rushaga kulinso chilolezo china cha maola anayi ndi banja limene akulizoloweza kumene anthu, cha anthu anayi okha, koma ndi chodula ndipo nyamazo zimabisala kwambiri. Kwa ulendo woyamba ine ndingasankhe masiku awiri aja.

Zilolezo za Juni mpaka Seputembala zimatha msanga, ndiye gulani miyezi isanu ndi umodzi nthawi isanakwane. Vuto lanu ndi loti miyezi imeneyo ndi yomwenso maukwati amachuluka kwathu kuno. Tsegulani buku lanu la mabuking'i lero, sankhani Loweruka limodzi loti mulitaye, ndipo mumuuziretu mnzanu wa lenzi yaitali uja kuti adzakugwirireni ukwati umenewo.