Rosacea si matenda a azungu okha

Achemwali, mwafunsa ngati rosacea, nthenda ya khungu la kumaso yobweretsa kufiira ndi tiziphuphu, imagwira azungu okha, poti masaya anu amatentha ngati mwapakapo tsabola mukangomwa tiyi wamoto. Ayi ndithu. Padziko lonse, akuluakulu pafupifupi 5 mwa 100 alionse ali nayo. Imakonda kuyamba munthu akadutsa zaka 30, makamaka amayi, ngakhale kuti kukhuthala kwa mphuno kumaoneka kwambiri mwa abambo. N'zoona kuti ndi yofala mwa anthu oyera khungu monga a ku Ireland, koma kwa ife akuda kufiirako sikuoneka bwino, ndiye ambiri amangoti ndi ziphuphu wamba.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mafuta oyeretsa khungu okhala ndi mankhwala amphamvu otchedwa steroid, chifukwa amabweretsa tizilonda tofanana ndi ta rosacea. Ngati mumadzola, kawauzeni adokotala mosabisa.