Bears yatopa ndi kulera ana owapeza, n'chifukwa chake Poles watsala

Achimwene, funso lanu ndaliona m'mawa ndili pa ntchito, ndiye ndinati ndiyambe ndaweruka kuti ndikuyankheni mofatsa. Mwafunsa kuti zikutheka bwanji kuti Chicago Bears, timu ya mpira wa ku America (NFL), inachotsa kochi Matt Eberflus chifukwa cholephera, koma Ryan Poles, munthu amene anamulemba ntchito Eberflus yemweyo, amuwonjezera kontrakiti mpaka 2029. Mwanenanso kuti kukanakhala kwathu, masapota akanapirikitsa onse, kochi ndi komiti yomwe. Ndaona kuti ambiri m'munsimu akukuvomerezani. Mkwiyo wanuwo ndikuumva, inenso ndinagona nawo miyezi ingapo. Koma pa za kontrakitizi ine ndaima mbali inayo.

Kwa abale amene mwangoyamba kumene kuonera mpira wa kunowu, ndiyambe ndalongosola pang'ono. Poles ndi general manager. Iyeyu saphunzitsa timu. Ntchito yake ndi kusankha anyamata ochokera m'makoleji pa draft, kusainitsa osewera, kusinthana osewera ndi matimu ena, ndi kuonetsetsa kuti malipiro a timu yonse asapyole malire amene ligi imaika chaka chilichonse. Pamwamba pake pali Kevin Warren, pulezidenti wa timu, ndipo pamwamba pa onse pali banja la a McCaskey, zidzukulu za George Halas amene anailera timuyi kuyambira 1920. Kuno kulibe msonkhano wa masapota woti n'kukachotsako komiti. Timu ndi katundu wa banja, ndipo George McCaskey akapanda kufuna, munthu sachoka.

Sindikubisirani zolakwa za Poles. M'zaka zake zitatu zoyambirira timu inapambana magemu 15 n'kuluza 36. Mu 2022 anapereka pick (mwayi wosankha wosewera pa draft) ya raundi yachiwiri ku Pittsburgh kuti atenge Chase Claypool, pick imene inadzakhala nambala 32, ndipo chisanathe chaka Claypool anali atapita ku Miami osasiya kanthu kooneka. Nate Davis anamupatsa ndalama zambiri kuti azitchinga quarterback, woponya mpira amene amatsogolera timu m'bwalo, koma anathera pa benchi mpaka kumuchotsa nyengo isanathe. Ndipo cholakwa chachikulu kuposa zonsezi chinachitika mu Januwale 2024, pamene anasunga Eberflus akudziwa bwino lomwe kuti patsogolo pake pali pick yoyamba ya draft ndipo akatenga quarterback watsopano. Kochi wodziwika Jim Harbaugh anali pa msika mwezi womwewo, anapita ku Chargers. Poles anangochotsa Luke Getsy, wothandizira kochi amene ankayitana masewero, n'kubweretsa Shane Waldron, basi. Chimenecho sindidzamukhululukira msanga.

Koma taonani kumene matendawa anayambira, chifukwa Poles anawapeza.

Mu 2017 Bears inakwera kuchoka pa nambala 3 kufika pa nambala 2 kuti itenge quarterback Mitch Trubisky. Za Patrick Mahomes amene anatengedwa pa nambala 10 chaka chomwecho tisazikumbe, zimawawa. Kochi nthawi imeneyo anali John Fox, munthu amene aliyense ankaona kuti masiku ake atha. Trubisky anaphunzira mpira wa Fox chaka chimodzi, Fox n'kuchotsedwa, kubwera Matt Nagy amene sanamusankhe mnyamatayo. Mu 2021 anakweranso pa draft n'kutenga Justin Fields pa nambala 11. Nyengo itangotha, Nagy ndi general manager wake Ryan Pace onse anachotsedwa tsiku limodzi. Fields anatsala m'manja mwa Poles ndi Eberflus, anthu amene sanamusankhe, ndipo mu Malichi 2024 anamutumiza ku Pittsburgh pa mtengo wozizira. Kenaka 2024, Caleb Williams, nambala 1. Kochi wake ndani? Eberflus, amene mpando wake unali kale pa moto. Katatu konse, chinthu chimodzimodzi. Mwana akungobadwa, bambo akuchoka pakhomo, kulowa bambo wina amene akumuona ngati mwana womupeza. Mwanayo akalakwa, bambo watsopanoyo amati si ine ndinamubereka. Bamboyo akalephera, amati mundipatse wanga wanga ndiye mudzaone. Palibe amene amasenza mlandu, ndipo zaka zimangopita. Pofika 2025, gemu yomaliza ya ma playoff (ndime yochotsana) imene Bears inapambana inali mu Januwale 2011, yolimbana ndi Seattle. Chikho chenichenicho ndi cha nyengo ya 1985, nthawi ya Mike Ditka, ambiri a ife tisanadziwe n'komwe kuti kuli mpira wotola ndi manja.

Tsono inu mukuti akanachotsa onse mu Novembala 2024 muja. Zikanatero, Caleb bwenzi lero ali ndi kochi amene sanamusankhe komanso general manager amene sanamusankhe, monga zinamuchitikira Fields. Ndipo akanati amusunge Poles koma osamuwonjezera kontrakiti, bwenzi tili ndi kochi wa zaka zisanu akugwira ntchito ndi bwana amene akuopa kuchotsedwa Januwale akubwerayu. Munthu woopa ntchito sagula za mawa. Amagulitsa ma pick a zaka zam'tsogolo kuti apeze wosewera wokalamba woti amupulumutse chaka chino. Akachotsedwabe, wobwerayo amafika ndi maganizo ake, mwinanso ndi kochi wake m'thumba, ndipo tabwereranso pomwe tinayambira. Kontrakiti ya Ben Johnson, kochi amene analowa m'malo mwa Eberflus, ikutha 2029, ya Poles tsopano ikuthanso 2029. Kwa nthawi yoyamba chiyambire ine kuitsatira timuyi, wogula osewera ndi wowaphunzitsa amangidwa pa goli limodzi. Akamira, amirira limodzi, ndipo palibe adzaloze mnzake chala. Ine sindikuiona ngati mphotho kontrakitiyi. Ndikuiona ngati chingwe.

Chaka cha 2024 ndinachionera pafupi, ndiye ndiloleni ndikhalepo pang'ono, chifukwa ndi pamene munthu umasiyanitsa vuto la osewera ndi vuto la uphunzitsi. Timu inayamba bwino, magemu 4 kupambana, 2 kuluza, ndipo ku London inakwapula Jacksonville 35-16. Kenaka ku Washington, pa 27 Okutobala, tikutsogola 15-12 kutatsala masekondi owerengeka. Jayden Daniels wa Washington akukonzeka kuponya mpira womaliza, Tyrique Stevenson wathu ali ku ngodya uko akunyogodola masapota a Washington, mpira utayamba kale. Atazindikira anathamanga, n'kukaumenya mpirawo m'mwamba, ukugwera m'manja mwa Noah Brown, munthu amene iyeyo amayenera kumulondera. 18-15. Poles sangalowe m'bwalo kukamukoka khutu mnyamata ameneyo. Mwambo wa timu ndi wa kochi. Kuchokera tsiku limenelo analuza magemu 10 otsatizana. New England, timu imene inali yofooka chaka chimenecho, inamugwetsa Caleb ka 9 pa bwalo lathu la Soldier Field pomwe, ndipo Waldron anachotsedwa patangopita masiku awiri. Sabata yotsatira, ndi Green Bay Packers, Eberflus anasiya nthawi ithe m'malo mosendeza mpira pafupi, Cairo Santos wathu n'kumenya wa mayadi 46 kulunjika pa golo, Packers n'kuutchinga. 20-19.

Koma ya Thanksgiving ija ndi imene sindidzaiiwala. Tinasonkhana kunyumba kwa mlamu wanga kuno ku South Bend, nkhukundembo ili mu uvuni, mphika wa nsima uli pa moto, ana akuthamangathamanga m'khonde. Pa hafu Detroit inali ikutsogola 16-0 ndipo ena anali atayamba kale kusamba m'manja. Kenaka Caleb anadzuka. Ma touchdown (zigoli) atatu, 23-20, mpira uli m'manja mwathu m'dera la Detroit. Anamugwetsa kutatsala masekondi ngati 32, ndipo Bears inali ndi timeout imodzi, mwayi woimitsa wotchi. Tonse m'nyumba muja tinaimirira. Mlamu wanga, munthu wofatsa amene sakweza mawu ngakhale kutchalitchi, ankakuwa kuti "Imitsani nthawi! Imitsani!" akumenya dzanja pa tebulo mpaka mbale kugwedezeka. Wotchi ikungotsika, 20, 15, 10, Eberflus ali chilili m'mbali mwa bwalo. Mpira unayambika kutatsala masekondi 6, Caleb anauponya patali kwa Rome Odunze, unagwa pansi, gemu n'kutha timeout ija ili m'thumba. M'nyumba munati zii. Mayi a m'nyumbamo anangozimitsa TV n'kunena kuti tiyeni tipemphere tidye. Gemu itatha Eberflus anauza atolankhani kuti iye akuona kuti anayendetsa bwino. Mawa lake m'mawa anamulola kulankhulanso ndi atolankhani, patangopita maola ochepa n'kumuchotsa. Mchitidwe umenewo sunandisangalatse, munthu ngakhale walephera sumuyalutsa choncho, ndipo apo a Warren ndi Poles anachita zosayenera. Komabe inali nthawi yoyamba m'mbiri yonse ya Bears, zaka zoposa 100, kuchotsa kochi nyengo isanathe. Banja limene silinachitepo zimenezo litafika pozichita, dziwani kuti zinthu zinafika pa mwana wakana phala.

Tsono ndikafunsa kuti kodi osewera amene anali m'bwalo tsiku lija anali oti sangapambane, yankho langa ndi lakuti ayi. Anatsala pang'ono kugonjetsa Detroit imene inamaliza nyengo ndi 15-2, kwawo komwe. Ndipo angapo a iwo anachokera pa malonda amodzi amene Poles anachita mu Malichi 2023, pamene anagulitsa pick yoyamba ku Carolina. Carolina inatenga Bryce Young. Bears inalandira DJ Moore, pick imene inabala Darnell Wright, pick ya 2024 imene inadzakhala nambala 1 n'kubala Caleb, ndi ina ya 2025 imene anatengera Luther Burden. Mukamawerenga za Claypool muziwerenganso zimenezi. Sikelo imafuna mbali zonse ziwiri.

Wina m'munsimu walemba kuti Caleb yemweyo ndi wolephera, anagwetsedwa ka 68. N'zoona, ndipo palibe quarterback wina amene anagwetsedwa kuposa iye mu 2024. Zina mwa izo ndi zake, amakonda kuusunga mpira nthawi yaitali kufuna kuchita zodabwitsa monga ankachitira ku koleji ya USC. Koma mnyamata wa chaka choyamba, amene anasinthidwira woyitana masewero pakati pa nyengo, kochi wamkulu n'kuchotsedwanso, anaponyabe mayadi 3,541, ma touchdown 20, n'kulandidwa mipira 6 yokha. Kumbukirani kuti timu iyi sinakhalepo ndi quarterback woponya mayadi 4,000 pa nyengo imodzi. Wapamwamba pa nthawiyo anali Erik Kramer, 3,838, mu 1995. Ndipo tsiku lomaliza, ku Lambeau Field, kwawo kwa Green Bay, m'chisanu cha Januwale, ndi Caleb yemweyo amene anaisendeza timu mpaka Santos kumenya wa mayadi 51, 24-22, kuthetsa magemu 11 otsatizana amene Green Bay inkatigonjetsa. Mwana wotere sumutaya, umamupezera mphunzitsi.

Mphunzitsiyo ndi amene wabwera. Ben Johnson ndi amene ankayendetsa offense (mbali yogoletsa) ya Detroit, imene inagoletsa mapointi 564 mu 2024, kuposa timu ina iliyonse. Matimu akhala akumufuna kwa zaka zingapo iye akukana. Anavomera Chicago akudziwa kuti quarterback ndi Caleb ndipo general manager ndi Poles. Apa ndi pamene pasiyanira ndi nthawi ya Nagy ndi Eberflus. Iyeyu mwanayo wamusankha yekha maso ali gwa, sangadzanene kuti anamupeza. Ndipo taonani zimene zachitika chibwerereni. Ku Detroit mphamvu ya Johnson inali pa mzere wa otchinga, ndiye mu Malichi 2025 Poles anatenga Joe Thuney ku Kansas City, Jonah Jackson ku Rams, amene anasewerapo pansi pa Johnson ku Detroit, ndi Drew Dalman wochokera ku Atlanta. Pakati ponse pa mzerewo asintha mwezi umodzi. Pa draft anatenga Colston Loveland, tight end (wotchinga komanso wowakha mpira), pa nambala 10, ndipo aliyense amene anaona mmene Johnson ankagwiritsira ntchito Sam LaPorta, tight end wa Detroit, akudziwa kuti pempho limenelo linachokera kwa ndani. Dennis Allen, amene wakhalapo kochi wamkulu ku Raiders ndi ku Saints, anapatsidwa defense (mbali yoteteza) kuti Johnson asamagawike mtima. Izi zikundiuza kuti mawu a kochi akumveka ku Halas Hall, likulu la timuyi, ndipo Poles wavomera kumvera.

Sindikunena kuti mtima wanga uli m'malo. Johnson anali asanakhalepo kochi wamkulu asanabwere ku Chicago, ndipo kuyitana masewero n'kosiyana ndi kuyang'anira amuna 53 okhala ndi mitima yawoyawo. Nagy naye anabwera ndi mbiri yabwino kuchokera ku Kansas City, anapambana magemu 12 chaka choyamba, tonse tinavina, mapeto ake mukuwadziwa. Division yathunso ndi yowawa, mu 2024 Detroit, Minnesota ndi Green Bay zonse zinalowa ma playoff. Ngati pofika kumapeto kwa 2026 Caleb akugwetsedwa ka 50 ndipo timu ili pansi pa tebulo, ndidzabwera pagulu pompano kudzanena kuti achoke onse awiri, tsiku limodzi, ndipo wobwerayo adzasankhe kochi wake ndi quarterback wake.

Gemu yoyamba ya nyengo ya 2025 inali Lolemba usiku pa 8 Seputembala, Minnesota itabwera pa Soldier Field, ndipo sabata yotsatira Johnson anabwerera ku Detroit kukakumana ndi Dan Campbell, kochi wa Detroit. Achimwene, mukamaonera musamangoyang'ana zigoli. Muziyang'ana ngati Caleb akuuchotsa mpira m'manja msanga, ndiponso ngati timeout zikugwiritsidwa ntchito pa nthawi yake.