Kwa achemwali a ku Nsanje ofuna kuthamanga makilomita 21 ku Blantyre

Achemwali, ndawerenga funso lanu kawiri, ndipo ndaona kuti ambiri amene akuyankhani angokamba za madzi ndi dzuwa. Mwafotokoza kuti mumakhala pa Nsanje boma, mwakhala mukuthamanga makilomita 5 katatu pa sabata kuyambira chaka chatha, ndipo mukufuna kudziwa ngati miyezi inayi ingakukwanireni kukonzekera hafu marathoni ya ku Blantyre poganizira kutentha kwa kwathu kuno. Ine ndimakhala ku Nchalo. Si ine mphunzitsi wa zamasewera kapena wachipatala, koma mtunda umenewu ndauthamanga kawiri mumzinda womwewo, koyamba mochititsa manyazi, kachiwiri bwinoko. Kwa munthu amene amatha kale makilomita 5 osaima, miyezi inayi ndi yokwanira. Koma chimene chinandigwetsa ine si dzuwa limene mukuliopalo ayi. Zinandigwetsa ndi zitunda, ndipo ife a m'chigwa cha Shire sitiziganizira n'komwe chifukwa sitikhala nazo.

Ulendo woyamba ndinakonzekera milungu 14 m'misewu ya m'mphepete mwa minda ya nzimbe, malo osalala ngati mphasa. Pofika kumapeto ndinkatha makilomita 18 pa ola limodzi ndi mphindi 45, ndipo nditawerengera papepala ndinapeza kuti makilomita 21.1, omwe ndi theka la makilomita 42.195 a marathoni yathunthu, ndidzawamaliza pa maola 2 ndi mphindi 5. Ndinauziratu ngakhale anzanga a kuntchito, chinthu chimene ndinadzanong'oneza nacho bondo. Mpikisanowo unali m'nyengo yachisanu. Tinaima pamzere kusanache bwinobwino, ine ndili ndi kavesiti kokha, mano akugwedera, pamene anthu a kumtunda anali atavala majuzi akale oti adzawavule akayamba kutuluka thukuta. Titangonyamuka, mphepo yozizirayo inandinamiza. Thupi lozolowera ng'anjo ya ku Nchalo linapepuka ngati udzu wouma, ndipo makilomita 8 oyambirira ndinawadutsa pa liwiro limene sindinathamangepo pokonzekera. Kenaka msewu unayamba kukwera, kutsika, n'kukweranso, monga momwe misewu ya ku Blantyre ilili. Pa kilomita ya 13 akatumba anauma gwa. Pa ya 16 ndinali kuyenda, manja ali m'chiuno, ndipo mayi wina wachikulire kuposa ine, amene ndinam'pitirira modzitama kumayambiriro, anandidutsa akuponda timapazi tifupitifupi n'kundiuza kuti, "Tiyeni achimwene, musaime, fupikitsani mapazi." Ndinamaliza pa maola 2 ndi mphindi 31. Patapita masiku awiri ndinkatsika masitepe a pakhonde chafutambuyo, chifukwa ntchafu zinkakana kupinda.

Chifukwa chake n'chosavuta kuchimvetsa. Nsanje ili pamalo osafika mamita 100 kuchokera pamene pamalekezera madzi a nyanja yamchere, ndipo malo otsika kwambiri m'Malawi monse, a mamita 37, ali kwanu komweko pamene Shire amalowera ku Mozambique. Blantyre ili pamwamba pa mamita 1,000. Ena amati vuto ndi mpweya wopepuka wa kumtunda, ndipo n'zoona kuti munthu wa kuno amaumvako pang'ono, koma kusiyana kwa mamita 1,000 si kwakukulu koti n'kukuimitsani. Vuto lenileni lili m'minofu. Pokwera, akatumba ndi minofu ya m'matako imagwira ntchito imene pamalo osalala siigwira. Potsika ndiye pamene pali chinyengo chachikulu, pakuti munthu amaona ngati akupuma, chonsecho minofu ya kutsogolo kwa ntchafu ikugwira mabuleki uku ikutamuka, ndipo imang'ambika ting'onoting'ono timene ululu wake umadzamveka bwino pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Minofu imeneyi imalimba pokhapokha ikazolowetsedwa ntchito yomweyo. Ngakhale mutathamanga makilomita ochuluka motani pakati pa Nsanje ndi Tengani, miyendo yanu siiphunzira kutsika chitunda.

Ulendo wachiwiri ndinasintha chinthu chimodzi chachikulu. Loweruka lililonse lachiwiri ndinkakwera minibasi yoyamba, kuwoloka mlatho wa Kamuzu, kutsikira pa Thabwa, n'kuyamba kukwera msewu wa M1 wokhotakhota uja wopita ku Blantyre. Tsiku loyamba ndinakwera makilomita 3 okha, theka lake ndikuyenda, ndipo potsika ndinayenda njira yonse. Pofika mwezi wachitatu ndinkakwera makilomita 6 n'kutsika ndikuthamanga pang'onopang'ono. Msewu umenewo ndi woopsa, malole amatsika mabuleki akununkha, choncho ndinkathamanga kudzanja lamanja moyang'anana ndi galimoto zobwera, ndipo m'makona ndinkapatukiratu. Inu simukufunika kubwera mpaka ku Thabwa. Muli ndi msewu wokwera ku Chididi pafupi pomwepo, ndipo chikweza chake n'chokwanira kuphunzitsa miyendo ya munthu aliyense. Yambani ndi kukwera kwa mphindi imodzi n'kutsika mukuyenda, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, kamodzi pa sabata. Pakatha milungu itatu kapena inayi mutha kuyamba kukwera motalikirapo. Kuthamanga potsika kubwere pomalizira penipeni, chifukwa ndiko kumavulaza mawondo munthu akakupupulumira.

Tsopano za kutentha, popeza ndi zimene munafunsa. Thupi likamagwira ntchito pamalo otentha kwa masiku 10 mpaka 14 limasintha: thukuta limayamba kutuluka msanga, limatuluka lambiri koma la mchere wocheperako, madzi a m'magazi amachuluka, ndipo mtima sugunda mothamanga kwambiri pa liwiro lomwelo. Othamanga a maiko ozizira amachita kulowa m'zipinda zotenthetsa kuti apeze zimenezi, pamene ife timazipeza kwaulere pongokhala kuno. Ndiye chifukwa chake m'mawa wa ku Blantyre mudzaumva kukoma. Komatu izi sizikutanthauza kuti muzichita kulifunafuna dzuwa. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumaposa madigiri 40 ku Ngabu, ku Bangula ndi kwanu komweko, ndipo munthu wothamanga masana pa nyengo imeneyo akuseweretsa moyo. Ine ndimanyamuka pakati pa 4:30 ndi 5 koloko m'mawa kuti pofika 7 koloko ndikhale nditabwerera. Madzulo si abwino monga ambiri amaganizira, pakuti tala ndi dothi zimakhala zikulavula kutentha kumene zamwa tsiku lonse. Mukamva chizungulire, mutu waukulu, mseru, kapena tsemwe pamene kunja kukutentha, imani pomwepo, pezani mthunzi, dzithireni madzi ndipo tsikulo latha.

Madzi oyenera kumwa amasiyana munthu ndi munthu, ndipo njira yowadziwira ndi sikelo. Ine ndinagwiritsa ntchito sikelo ya mnzanga amene amagula chitowe ndi nandolo pamsika. Ndinkadziyeza ndisananyamuke ndi pobwerera, anyamata onyamula matumba akuseka kuti bwana akudzigulitsa pa kilo. Kilogalamu imodzi yotayika ndi pafupifupi lita imodzi ya thukuta, ndipo tsiku lina nditathamanga ola limodzi ndi theka ndinapezeka nditatsika ndi makilogalamu 1.6 ngakhale ndinamwa botolo laling'ono m'njira. Kuyambira pamenepo, ndikamapita kothamanga mtunda wautali, mwana wa achimwene anga amanditsatira pa njinga atanyamula mabotolo awiri, limodzi la madzi, lina la Thanzi ORS wosungunula paketi imodzi mu lita imodzi. Amene akukuuzani kuti muzingomwa madzi ambirimbiri asamale, chifukwa madzi okhaokha ochuluka mopitirira muyeso amasungunula mchere wa m'magazi, ndipo vuto limeneli lapha othamanga m'mipikisano ikuluikulu. Imwani motsatira ludzu, pang'onopang'ono. Njingayo ilinso ndi phindu lina kwa inu monga mayi woyenda m'bandakucha: mumakhala ndi mboni, muli ndi tochi, ndipo agalu a m'midzi amaopa anthu awiri. Ngati mulibe wachibale, gwirizanani ndi wakabaza amene mumam'dziwa bwino. Njira za m'mbali mwa Shire zisiyeni nthawi imeneyo, mvuu zimakhala zisanabwerere m'madzi.

Kagawidwe ka sabata sikafuna nzeru zambiri. Thamangani masiku anayi: awiri a makilomita 5 mpaka 8, limodzi la zitunda, ndi limodzi la mtunda wautali. Wautaliwo uyambire pa makilomita 7, muziwonjezera imodzi kapena ziwiri pa sabata, ndipo sabata yachinayi iliyonse muzibwerera m'mbuyo kuti thupi lipume. Mukafika pa 18 kutatsala milungu itatu, mwakwanitsa, otsalawo mudzawapeza pa tsiku la mpikisano. Milungu iwiri yomaliza muchepetse kwambiri ngakhale mtima uzikuuzani kuti mukuchita ulesi. Liwiro la masiku ambiri likhale loti mutha kucheza ndi wa pa njinga uja popanda kudula mawu ndi wefuwefu.

Pali zinthu ziwiri zimene ndandanda zopezeka pa intaneti sizitchula chifukwa olemba ake sakhala m'dambo. Choyamba ndi malungo. Ine anandigwira pa sabata yachisanu ndi chinayi, ndipo ndinataya milungu iwiri yathunthu. Thupi likatentha kayezetseni tsiku lomwelo, malizani mankhwala, ndipo musathamange kufikira mphamvu zitabwerera, pakuti malungo amaphwanya maselo ofiira a magazi amene amanyamula mpweya kupita ku minofu. Mukachira musayese kubweza masiku otayikawo, yambirani pamene munali milungu iwiri m'mbuyo. Chachiwiri ndi kuchepa kwa magazi, kumene kumavuta amayi ambiri, ndiponso aliyense amene ali ndi likodzo. Mukaona kuti makilomita 5 omwe munkawatha mosavuta ayamba kukutherani mpweya popanda chifukwa, pitani kuchipatala akakuyezeni magazi musanadzitche waulesi.

Pa zakudya sindinagulepo chilichonse chodula. Nsima, kaya ya chimanga kaya ya mapira, mbatata, mpunga, nyemba, mlamba ndi masamba zinandikwanira, ndipo ndikabwerako kothamanga kapu ya thobwa imandibwezera moyo kuposa zakumwa za m'mabotolo. Mukayamba kupitirira ola limodzi ndi theka, nyamulani nthochi kapena masiwiti angapo, chifukwa shuga wosungidwa m'minofu amayamba kuchepa cha pamenepo. Chimene mudzadye m'mawa wa mpikisano chikhale chomwe mwachiyesa kale kangapo. Kwa ine ndi tiyi ndi mbatata yophika, maola awiri ndisananyamuke. Nsapato za pa kaunjika zilibe vuto, bola muzisankhe modekha: yang'anani ngati chidendene sichinadyeke mbali imodzi, finyani pansi pake muone ngati pakubwerera, ndipo pakati pa chala chachikulu ndi nsonga ya nsapato pakhale mpata wokwana chala chamanthu. Kaziyeseni masana mapazi atafufuma. Zanga zoyamba zinali zothina pang'ono ndipo zinandichotsa zikhadabo ziwiri. M'khwapa, pakati pa ntchafu ndi pamene pamadutsa lamba wa bra muzipakapo Vaseline, pakuti thukuta la mchere likakumana ndi nsalu limasenda khungu.

Ku Blantyre mukwere dzulo lake, mukagone komweko, ndipo mutenge juzi yakale ya pamzere. Akuluakulu amati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, koma pa makilomita 21 mwambi umenewu muusiye kunyumba. Akutsogolo aja asiyeni apite. Pamene Jacob Kiplimo wa ku Uganda ankamaliza mtundawu pa mphindi 57 ndi masekondi 31 ku Lisbon mu 2021, ine pa nthawi ngati imeneyo ndimakhala ndisanafike ngakhale pa theka, ndipo zimenezi sizindisowetsa tulo. Ulendo wachiwiri ndinadziletsa kwambiri pa makilomita 5 oyambirira mpaka ndinkachita manyazi ndi chiwerengero cha anthu ondidutsa. Pa zikweza ndinafupikitsa mapazi monga anandiuzira mayi aja, osalimbana ndi wotchi, ndipo potsika sindinadziponye. Pamalo ena omwera madzi, cha kumapeto, tinapeza atatha, koma ndinali ndi kabotolo kanga m'manja, ndipo inunso mudzanyamule kanu. Pa kilomita ya 16 ndinali kuthamangabe, ndikudutsa anthu oyenda manja ali m'chiuno, ndipo ndinamaliza pa maola 2 ndi mphindi 9.

Chimodzi chimene simunatchule ndi mwezi wa mpikisanowo. Ngati miyezi yanu inayi ikudutsa mu Januwale mpaka Malichi, misewu yadothi idzakhala matope ndipo timitsinje tochokera kumapiri timadzaza mwadzidzidzi ngakhale kuno kusanagwe mvula, choncho masiku a ku Chididi adzafunika kuwasuntha malinga ndi nyengo ndipo mtunda wautali mudzauthamangira pa tala. Ndiuzeni tsiku lake pansipa, komanso ngati bondo kapena msongolo unayamba wakuvutanipo, kuti ndikulembereni momwe ndinagawira milungu yanga 16 ulendo wachiwiri.