Timatumba ta pepala tikung'ambika: mwina mudagula madzi ndi mwala

Mayi wina wa ku Mufakose kuno ku Harare, amene amalongedza ufa wa soya m'timatumba ta pepala, wandilembera imelo. Akuti tomwe adagula mu Disembala tikuphulika kunsi, wogulitsa akukana mlandu, ndiye akufunsa ngati kupita nato ku labotale n'kungotaya ndalama.

Mayi, mwandigunda pachilonda. Ndidagwira ntchito zaka 7 mu labotale ya fakitale ina ya makatoni ku Southerton, ndipo chidandichotsa kumeneko ndi nkhani yonga yanuyi. Chaka china mu Febuluwale, mvula ili tsiku ndi tsiku, kudabwera mipukutu ya pepala yotsika mtengo modabwitsa. Ndidadula chidutswa, kuchiyeza pa sikelo, kuchiika mu uvuni wa madigiri 105 mpaka kulemera kwake kutasiya kusintha, n'kuyezanso. Chomwe chachokapo ndi madzi basi. Pepala labwino limakhala ndi madzi cha m'ma 6 kapena 8 pa 100, koma ili lidapitirira 12. Popeza pepala amagula pa kilo, abwana anali atalipira madzi amvula.

Kenako mayeso a phulusa. Umatentha chidutswa m'kambale kadothi pa madigiri 525, ulusi wonse wa mtengo n'kupsa, kutsala ufa woyera mbee. Ufawo ndi mwala woperapera, calcium carbonate kapena dothi la kaolin, umene opanga amathira kuti pepala liyere ndi kusalala, komanso chifukwa mwala ndi wotchipa kuposa ulusi. Ukatenthanso pa 900, calcium carbonate imataya 44 pa 100 ya kulemera kwake, ndiye kusiyana kwa manambala awiriwo kumakuuza kuti ndi mwala uti. M'kambale kanga tsikulo phulusa lidaunjikana ngati la pa mbaula. Mwala ukachuluka, ulusi sugwirana bwino.

Ndidalemba lipoti. Abwana adalipinda pawiri n'kunena kuti, "Aphiri, pepala ndi pepala." Patapita milungu itatu makatoni a tomato adakhwefukira m'lole isanafike pa Mbare Musika, ndipo woitanidwa mu ofesi ndidali ine, ati bwanji sindidaumirire. Kuyambira pomwepo sindimvanso za munthu wosisita pepala ndi zala n'kumati ili ndi lolimba. Chala sichidziwa kanthu. Ndiponso wogulitsa amene sangakuuzeni ngakhale GSM (kulemera kwa sikweya mita imodzi ya pepala m'magalamu) ya katundu wake sayenera kulandira dola yanu.

Koma mwala uja ndisaunyoze kwambiri. M'sutikesi ya malemu agogo ku Highfield muli chitupa chomwe adabwera nacho kuchokera ku Dedza nthawi ya Mthandizi, bungwe lomwe linkatenga anthu ku Nyasaland kudzagwira ntchito ku Rhodesia. Pano chasanduka chachikasu, ukachifunyulula m'mopindika mukuyoyoka ngati tsamba la fodya louma. Chikuchidya ndi asidi. Mapepala ambiri akale ankawathira mankhwala otchedwa alum ndi utomoni wa paini kuti inki isamwazike, ndipo alum imeneyo imasiya asidi amene amadula ulusi pang'onopang'ono. Muyezo wa ISO 9706 wa mapepala okhalitsa umafuna pH (nambala yosonyeza asidi, yomwe ikatsika pa 7 ndiye kuti muli asidi) ya pakati pa 7.5 ndi 10, ndi calcium carbonate yosachepera 2 pa 100 yoti izilimbana ndi asidiyo. Mwala womwe udandichotsa ntchito ukadapulumutsa chitupa cha agogo. Ife a kuno ku Zimbabwe amene makolo athu adachokera ku Malawi tikudziwa kulemera kwa pepala limodzi, makamaka amene tidayendera unzika Malamulo oyendetsera dziko a 2013 atabwera, tikufunsidwa umboni wa komwe makolo adabadwira.

Ndiye mutani, mayi?

Ndikuganiza kuti vuto lanu ndi chinyezi, choncho funsani mayeso a Cobb. Amapanikiza pepala pansi pa mkombero wachitsulo wa masikweya sentimita 100, kuthira madzi, kudikira masekondi 60, kupukuta, n'kuyeza madzi omwe lamwa. Muwonjezere mayeso a chinyezi, GSM ndi phulusa. Yambirani ku Standards Association of Zimbabwe, bungwe loona za miyezo ya katundu lomwe lilipo kuyambira 1957, mukafunse mtengo musanasiye katundu. Tengani timatumba ta m'mtolo wosatsegula, mutimange mu pulasitiki, apo ayi wogulitsa adzati chinyezi n'cha m'nyumba mwanu. Ndipo mwina n'zoona, ngati mtolo mumausiya pasimenti.

Musanakwere kombi, donthezani madzi pakathumba kamodzi. Dontho likalowa nthawi yomweyo, pepalalo silidathiridwe mankhwala oletsa madzi okwanira. Tenthani kena, phulusalo mulidonthezere viniga. Likachita thovu, muli calcium carbonate. Ngati mudagula mtolo umodzi wokha, imirani pomwepo n'kusintha wogulitsa, chifukwa labotale ingakudyereni ndalama zoposa za timatumbato.