Dothi la M'mizinda ndi Mtovu m'Magazi a Ana

Mayi, mwafunsa ngati dothi la m'tauni lingadwalitsedi ana, ndipo ntchito ya wasayansi Howard Mielke wa ku America ikuyankha bwino funsoli. M'kafukufuku amene anafalitsa mu 1983, iye anapeza kuti m'minda ya pakati pa mzinda wa Baltimore munali mtovu wochuluka kuposa ya kunja kwa mzindawo, makamaka chifukwa cha utsi wa petulo wosakaniza mtovu. Atasamukira ku New Orleans, anayeza dothi dera ndi dera kwa zaka zambiri, n'kuonetsa kuti kumene dothi laipa kwambiri, magazi a ana amakhalanso ndi mtovu wambiri. Mwana wokwawa amayamwa zala zafumbi, ndipo mtovuwo umasokoneza kukula kwa ubongo wake, nkhani imene anthu a ku Kabwe, tauni ya ku Zambia komwe mgodi wa mtovu unaipitsa dothi, akuidziwa mopweteka.